Dzina Lakale

Chiperoni chatsika pa Chitakale,
phiri labisala ngati wangongole.
Ndatsegula shopu mochedwa,
a Namakhwa afika kale pakhonde,
nsapato zodzaza dothi lofiira la kuesiteti,
kalata ya penshoni ili m'foni ya mdzukulu.
Akufuna mapepala awiri okha
minibasi ya ku Limbe isanadzaze.

Ndadina. Zii.
Ndadinanso.
Kompyuta ikuti sikuiona pulinta,
chonsecho zili pa tebulo limodzi,
pakati pake pongokwana chikhatho changa.
Kanyali kabuluu kakungophethira
ngati diso la munthu wobisa mawu.

Ndazimitsa, ndayatsa.
Ndazula chingwe pakhoma, ndawerenga mpaka teni,
ndauzira fumbi,
ndakupiza mapepala poti mwina agwira chinyezi.
Ndaimenyako pang'ono pamsana.
"Mayi, musaimenye," akutero a Namakhwa,
"chinthu chikakana chili ndi chifukwa."
Zaka makumi atatu akuthyola tiyi
zinawaphunzitsa kudikira.

Ndaitana Mwandida wa zinanazi kutsidya kwa msewu,
uja anaphunzira makompyuta miyezi isanu
fizi isanamuthere.
Wapukuta manja pachitenje,
shopu yonse yanunkhira msika.
Kompyuta sanaikhudze n'komwe.
Wawerama pa pulinta,
akudina timabatani ndi chikhadabo,
mpaka yatulutsa pepala limene sindinapemphe,
manambala okhaokha.
Chala chake chaima pa mzere umodzi.

"Anti, mwasintha dzina la waifai?"

Ndayang'ana kunja.
Akabaza akudutsa m'nkhungu, mabelu okha kumveka.
Ndinasintha dzulo usiku, nditatseka chitseko.
Zaka zinayi linkati Matiyasi-ndi-Enelesi,
aliyense wousa mvula pakhonde
ankaliwerenga pafoni yake,
pomwe Matiyasiyo ali ku Joni,
chaka chachiwiri osaimba,
ndipo amene anabwera pa Khirisimasi akuti kuli khanda kumeneko.
Ndinafufuta zilembo zake chimodzichimodzi,
ndinagona tulo tabwino.

"Kompyuta inamva dzina latsopano," akutero Mwandida,
"koma iyi simunaiuze.
Ikuitanabe lakale lija,
ndiye palibe woyankha."

A Namakhwa atsokomola,
apeza chowerenga pa kalendala ya chaka chatha.

Pulinta ilibe kiyibodi.
Chilembo chilichonse umachisaka ndi kabatani kamodzi,
ukachidumpha, uzungulirenso alifabeti yonse.
E.
N.
E.
Dzina langa silinatalikepo chonchi.
Pasiwedi ndalakwitsa kawiri,
zala zikulemba tsiku la ukwati
zisanandifunse.
Mwandida waona, sananene kanthu.
Kachitatu,
kanyali kasiya kuphethira. Kayang'ana tcheru.

Kenako phokoso, kukoka, kutafuna,
yayamba kulavula zonse ndinadina m'mawa muja.
Sinaiwale ngakhale kamodzi:
kalata ya a Namakhwa kakhumi ndi kawiri,
yofunda ngati masikono a pabekale,
ina ikugwera pansi pa tebulo.
"Ine ndilipira awiri okha," akutero mkuluyo,
kuseka mpaka mano atatu aja kuonekera.
Minibasi yapita kalekale.
Akuti ina ibwera, Limbe sasamuka.
Makope otsalawo apinda bwinobwino m'thumba la jekete,
poti kuofesi amataya mapepala a anthu.

Mwandida wakana ndalama.
Akuti Lachisanu ndidzamusindikizire
kalata yofunsira ntchito kufakitale,
pa pepala lolimba lija ndimasungira a maukwati.
Wawoloka msewu,
kasitomala akumudikira ndi chinanazi m'manja.

Nkhungu yang'ambika pang'ono,
thanthwe laonekera, lakuda, lonyowa,
madzi akutsika m'ming'alu yake.
Patsala foni yanga m'thumba la epuloni.
Nayonso ikufunafuna dzina lija.
Ndiiuza,
ndiyambe ndamwa kaye tiyi.